Mwana wabweranso ndi magazi ochepa: tiyambe liti kukayikira khansa ya m'magazi?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru. Kuno kunyanja ndili ndi wodwala, mwana wamwamuna wa zaka 4. M'buku lake la chipatala muli LA katatu chiyambire Disembala, ndipo wagonekedwapo kawiri ku boma kukathiridwa magazi. Lero wabweranso, zikhatho zayera mbee, thupi likutentha, ndipo mayi ake akuti akukana kuyenda, akangoponda pansi amalira miyendo. mRDT, kachida koyezera malungo mwachangu, ikuonetsa malungo. Hb (mlingo wa magazi ofiira) 5.1. Makina a FBC, owerengera maselo onse a m'magazi, kuno kulibe. Ndimupatsenso LA, kapena pali china chimene chikundidutsa?

Madala CO: Taswera achemwali. Nyengo ya mvula ino, mwana wa kunyanja kudwala malungo katatu si nkhani yodabwitsa. Musaiwale njoka za m'mimba, kunyentchera ndi sickle cell. Koma tamugwirani pamimba kaye. Kapamba ali pati? Chiwindi? M'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche muli anabere?

Nachisale: Kapamba watsika pafupifupi kufika pa mchombo, chiwindi chikugwirika. Anabere ang'onoang'ono alimo m'khosi mbali zonse ndi m'khwapa, osapweteka. Ndaonanso timadontho tofiira m'kati mwa mlomo ndi m'maso. Mayi akuti sabata yatha anatuluka kamfuno usiku.

Wa ku Labu: Pa mRDT ija ndiikepo mawu. Kachida kaja kamayeza puloteni ya tizilombo ta malungo yotchedwa HRP2, ndipo imeneyi imatha kutsalira m'magazi masabata angapo munthu atachira kale. Mwana amene wamwa LA posachedwa akhoza kuonetsa mizere iwiri tizilombo mulibe. Ngati maikulosikopu ilipo, yezani pa galasi.

Dotolo wa Ana: Asisi, mwana ameneyu anyamuke lero, asadikire mawa. Malungo akhoza kukhalapo ndithu, ndipo muwachize, koma malungo okha sakulongosola zonse mwanenazi. Magazi akutsika msangamsanga atangothiridwa, mafupa akuwawa mpaka kusiya kuyenda, akutuluka magazi m'mphuno, ali ndi madontho, anabere, kapamba ndi chiwindi. Zonsezi zikakumana mwa mwana wa zaka 2 mpaka 5, choyamba kuganiza ndi leukaemia, khansa ya m'magazi, makamaka ya mtundu wa ALL, chifukwa ndi msinkhu umene imakonda. Mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwa, amadzaza ndi maselo osakhwima. Ndiye magazi ofiira amachepa, ma platelet (othandiza magazi kuundana) amachepa, ndipo ma white cell (olimbana ndi matenda) ogwira ntchito amachepanso ngakhale chiwerengero chawo chioneke chokwera. N'chifukwa chake mwana amatumbuluka, amatuluka magazi, ndipo thupi silisiya kutentha. Kuwawa kwa mafupa n'chifukwa cha kudzaza komweko.

Madala CO: Pa mwana uyu sinditsutsa, apite. Koma a dokotala, tinene zoona. Tikati aliyense wa kapamba ndi Hb yotsika tizitumiza ku Queens kapena ku KCH (Kamuzu Central ku Lilongwe), mawodi anu adzaza tsiku limodzi. Kunyanja ndi ku Lower Shire kapamba ali ndi aliyense, wina wa malungo, wina wa likodzo. Ndipo banja likakwera ulendo wa ku Blantyre limagulitsa mbuzi.

Dotolo wa Ana: Madala mukunena zoona, ndipo sindikuti aliyense. Chimene ndikupempha n'chakuti tizitsegula buku la chipatala n'kubwerera masamba m'mbuyo. Aliyense wa ife amaona mwana tsiku limodzi, n'kuchiza chimene chili pamaso pake, ndipo tsiku limenelo amakhala kuti walondola. Koma buku likamati magazi mu Januwale, magazi mu Febuluwale, amoxicillin, LA, amoxicillin, pamenepo pakufunika FBC yonse, osati Hb yokha. Ndipo FBC ikabwera tiziwerenga mizere itatu. Ambiri timangoponya maso pa Hb n'kupinda pepala. Malungo amatsitsa Hb ndi ma platelet, inde, koma ma platelet amakweranso pakatha sabata kapena awiri munthu akachira. Akapanda kukwera, kapena ma neutrophil (mtundu wa ma white cell) ali pansi nawonso, kapena ma white cell ali 50, 80, 150, tumizani.

Intern Watsopano: Pepani akuluakulu, funso la mwana wasukulu. Ma white cell akakhala bwinobwino, ngati 6 kapena 7, ndiye kuti leukaemia palibe?

Wa ku Labu: Ayi achimwene, ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Ana ambiri a ALL amabwera ma white cell ali pakati, ena ali otsika. Makina sadziwa blast, selo losakhwima lija, amangoiponya m'gulu la ma lymphocyte kapena ma monocyte (mitundu ina ya ma white cell), nthawi zina n'kuika kachizindikiro kamene palibe amakawerenga. Pemphani blood film, kuyang'ana magazi pa galasi ndi maikulosikopu. Komanso mbali inayo, khanda la chifuwa chokoka mtima limatha kukhala ndi ma lymphocyte okwera kwambiri popanda khansa, ndipo matenda aakulu a mabakiteriya amakweza ma neutrophil mpaka kuopsa. Kusiyana kwake nthawi zambiri Hb ndi ma platelet sizigwa chimodzimodzi. Chopempha changa chachikulu: tengani magazi oyeza musanathire magazi. Botolo la chivindikiro chapepo, ndipo pakani magalasi awiri aume, apite ndi wodwalayo. Mukatenga atathiridwa kale, tikuyeza magazi a munthu wina.

Nachisale: Ambulansi ndaitana. Panopa ndingamupatse chiyani, ndipo ndipewe chiyani?

Dotolo wa Ana: Ikani kanyula, mupatseni ceftriaxone kudzera mu mtsempha chifukwa thupi likutentha ndipo sitikudziwa ma neutrophil ake. Mankhwala a malungo apatseni, koma artesunate ngati ikufunika ilowe mu mtsempha. Jakisoni wa pa ntchafu kapena pa thako mupewe, ma platelet akakhala otsika magazi amaundana m'mnofu. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac ayi, panado yekha. Azimwa madzi kapena alandire dripu mosamala, osathamangitsa, mtima wa mwana wa Hb 5 suchedwa kulema. Ndipo chachikulu pa zonse: ma steroid, monga prednisolone, dexamethasone, hydrocortisone, musapereke.

Intern Watsopano: Steroid walakwa chiyani? Ndimaona ngati ndi mankhwala omwewo amene mumapereka ku wodi ya khansa.

Dotolo wa Ana: N'chifukwa chake tikuletsa. Steroid amapha maselo a leukaemia ndi a lymphoma, khansa ya anabere. Mukapereka masiku atatu, mwana amadzuka, amadya, anabere amaphwa, aliyense amasangalala. Akafika kuno timaboola fupa, osapezamo kanthu koonekera bwino, n'kumubweza kwawo. Pakatha mwezi amabwera matenda atakula, ndipo tsopano asamva mankhwala ngati poyamba. Chachiwiri, maselo akafa ambiri nthawi imodzi amataya potaziyamu ndi uric acid m'magazi, impso zimatseka, mtima ukhoza kuima. Ife tisanayambe steroid timayamba ndi madzi ndi allopurinol, mankhwala ochepetsa uric acid, n'kumayang'anira mkodzo. Pali nthawi zochepa zimene steroid amapulumutsa, monga chotupa chikapanikiza msana mwana n'kuyamba kufa miyendo, kapena chikatseka njira ya mpweya. Pamenepo imbani foni kaye, tigwirizane, ndipo mulembe mu kalata mlingo ndi nthawi.

Nambewe ku Leeds: Moni kumudziko. Kuno ku UK malamulo amati mwana wa madontho a magazi osadziwika chifukwa chake, kapena wotupa chiwindi ndi kapamba, aonedwe ndi katswiri nthawi yomweyo, ndipo wotumbuluka kapena wotopatopa ayezedwe FBC pasanathe maola 48.

Madala CO: Achemwali, kumeneko kulibe udzudzu. Kuno maola 48 ndi nthawi yodikira mafuta a ambulansi.

Nambewe ku Leeds: Hahaha madala, ndinagwirako ntchito kumudzi, ndikudziwa. Ndimangoti madontho aja ndi ofunika kulikonse, udzudzu ulipo kapena palibe.

Wa Mano: Ndilowepo ndi mbali yanga, popeza ana ena amayamba kufika kwa ife. Mwana wa zaka 5, 6, 7 wotupa nsagwada, mano ogwedera angapo mbali imodzi, osabooka, osawawa kwenikweni, si wa kuzula dzino ameneyo. Dzino lovunda likatupitsa tsaya pamatentha, pamawawa, ndipo dzino lolakwalo limaoneka. Lymphoma ya Burkitt imakankha mano onse a mbali imeneyo, nkhama zimatupa, nthawi zina diso limatong'oka. Makolo amabwera atamwetsa kale mankhwala a matsagwidi, koma matsagwidi amatupa kutsogolo kwa khutu ndipo amaphwa pasanathe masabata awiri. Nkhama zotupa ndi kutuluka magazi mwa wachinyamata wotumbuluka nazonso ndimatumiza FBC ndisanagwire chida chilichonse, chifukwa leukaemia ya mtundu wa AML imachita zimenezo.

Dotolo wa Ana: Zikomo a mano. Burkitt ndi matenda athuathu kuno. Denis Burkitt anawafotokoza mu 1958 ali ku Kampala, ndipo mu 1961 anayenda ulendo wautali pa galimoto m'zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, n'kudutsanso ku Nyasaland, kufufuza kumene ana otupa nsagwada amapezeka. Anapeza kuti ndi kumalo otsika, otentha ndi amvula, komwenso malungo sakata. Mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka m'maselo a chotupa chomwechi. Ndiye inu a kunyanja ndi a ku Chikwawa ndi Nsanje, awa ndi anu. Chotupachi chimatha kuwirikiza kukula kwake pa tsiku limodzi kapena awiri, palibenso khansa ina yothamanga chotero. Ubwino wake chimamvanso mankhwala msanga, cyclophosphamide akalowa nkhope imayamba kubwerera m'masiku ochepa. Koma musamangodikira nsagwada. Ana ambiri amabwera ndi mimba yotupa yokhala ndi zibuma, ena ndi miyendo yofooka ndi mkodzo wosatuluka. Wa miyendoyo ndi wa maola, osati masiku, chifukwa msana ukafinyika nthawi yaitali miyendo sibwerera ngakhale khansayo ichire.

Mlangizi wa Zaumoyo: Ife kumudzi timakumana nazo zisanafike kwa inu. Mwana akatumbuluka n'kutupa, agogo amati ndi tsempho, bambo ayenda molakwa, ndiye nkhani imayamba ya m'banja. Chotupa cha pakhosi amatemera mphini. Ine sindilimbana nawo, ndimangoti mphini zatemedwa kale, tsopano tiyeni akaone a chipatala. Koma ndikufuna chondithandiza chosavuta, poti ine FBC sindiidziwa.

Madala CO: Kwa inu achimwene n'zochepa. Chotupa chilichonse chimene chikukula, kutentha thupi kopitirira masabata awiri mankhwala atamwa, kutumbuluka kobwerezabwereza, kutuluka magazi popanda bala, mwana amene anali kuyenda n'kusiya. Muwaperekeze, ndipo muwauze kuti anyamule mabuku onse a chipatala, akale omwe. Makolo ena amagula buku latsopano lakale likadzaza kapena akaopa kukalipidwa kuti anachedwa, mbiri yonse n'kutayika.

Sisitala wa ART: Mwakamba za ana, tsopano za akulu, ndipo ndikudziwa kuti pano tikangana. Mwanabere wa m'khosi mwa munthu wa HIV, tonse timathamangira TB. GeneXpert, makina oyezera TB, ya makhololo ilibe kanthu, urine LAM yoyezera TB mu mkodzo ilibe kanthu, komabe timayambitsa mankhwala a TB poti akuwonda, akutuluka thukuta usiku, thupi likutentha. Zizindikiro zitatu zomwezo ndi za lymphoma. Ndaonapo anthu akumaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB chotupa chikungokula, ena mpaka kuganiziridwa kuti ali ndi TB yosamva mankhwala.

Madala CO: Apa nditeteza anzanga. Mwa anthu khumi a mwanabere wotere kuno, ochuluka ndi a TB, ndipo TB imapha msanga munthu wa CD4 yotsika. Ukadikira biopsy, kudula kanyama kukayeza, ndi zotsatira zake, wodwala wa TB umamutaya. Kuyambitsa mankhwala si kulakwa.

Sisitala wa ART: Kuyambitsa si kulakwa madala, kulakwa n'kusabweranso kudzayeza. Ine ndimatenga tepi, n'kulemba m'buku kukula kwa chotupa tsiku loyamba. Pakatha masabata 4 ndimayezanso, ndi sikelo yomwe. Wa TB amakhala atayamba kudya, thukuta lachepa, thupi likukwera. Ngati palibe kusintha pofika masabata 4 mpaka 8, kapena chakula, sitidikiranso miyezi 6.

Madala CO: Nanga IRIS, kutupa kobwera chitetezo cha m'thupi chikayamba kudzuka ndi ma ARV? Munthu wangoyamba ma ARV ndi mankhwala a TB, anabere amatupa kuposa kale, ndipo mankhwala ake ndi prednisolone yemwe a dokotala akutiletsayu.

Dotolo wa Akulu: Funso labwino, ndipo ndi msampha weniweni. Ngati TB inatsimikizika ndi GeneXpert kapena LAM, ndipo anabere afewa, atentha, akufuna kuphulika patangopita masabata ochepa chiyambire ma ARV, IRIS ndi yomveka. Ngati TB inali yongoganizira, musapereke prednisolone musanatenge kanyama. Lymphoma idzaphwa kwa sabata ziwiri, inu mudzati IRIS yatha. Pogwira, anabere a TB nthawi zambiri amamatana, amafewa pakati, ena amatuluka mafinya. A lymphoma amakhala olimba koma onyumphuka ngati labala, osawawa. Koma zala zimanama. Mwanabere wopitirira masentimita 2 amene wakhala masabata 4 mpaka 6, kapena aliyense wa pamwamba pa fupa la m'khosi lija lopingasa, amafunika singano kapena mpeni. Mukaboola ndi singano, tumizani ku GeneXpert. Ikakana, chotsani mwanabere wathunthu, chifukwa lymphoma, makamaka Hodgkin, imafuna kuti a pathology aone mmene mwanabereyo wamangidwira. Kwa a HIV kumbukiraninso khansa ya Kaposi, yang'anani m'kamwa kumwamba ndi m'miyendo. Mwa ana Kaposi imatha kubwera ndi anabere okha khungu lili bwino. Ndipo munthu wa viral load yosaoneka akhozabe kudwala lymphoma.

Wa ku Labu: Pa kanyamako, chonde dulani pawiri. Chachikulu mu formalin, mankhwala osungira kanyama, wokwanira kumiza bwinobwino, chaching'ono mu saline cha TB. Zonse zikalowa mu formalin za TB zathera pomwepo. Ndipo lembani nambala ya foni ya wodwala ndi yanu pa fomu. Zotsatira zimatuluka, mwini wake osapezeka.

Intern Watsopano: Ku OPD ndimaona akulu a kapamba wamkulu kwambiri, kudutsa mchombo. Onse timati likodzo kapena malungo a nthawi yaitali.

Dotolo wa Akulu: Ambiri ndi zimenezo, koma FBC imodzi imasiyanitsa. Kapamba wa likodzo kapena wa malungo amatsitsa ma white cell ndi ma platelet. Leukaemia ya mtundu wa CML imakweza ma white cell, 100, 200, 300, munthu akuyenda yekha, akungodandaula kukhuta msanga ndi kulemera kumanzere kwa mimba. Iyi ndi khansa imene ndimakondwa ndikaipeza msanga, chifukwa chiyambire 2001 kuli imatinib, mapiritsi akumwa tsiku lililonse, ndipo anthu amakhala zaka zambiri akulima minda yawo. Ma white cell akapitirira 100 musathamangire kuthira magazi ngati munthu akupuma bwino, magazi amakhala olemera kale, imbani kaye. Okalamba a ma lymphocyte okwera ndi anabere ponseponse, ganizani leukaemia ya mtundu wa CLL, imeneyo nthawi zambiri sithamanga koma aonedwebe.

Imene timaiphonya kwambiri ndi myeloma, khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Bambo kapena mayi wa zaka 50 kupita m'tsogolo, msana ukuwawa miyezi, usiku osagona, Hb 8, atopa. Timati nyamakazi, timati khasu, n'kupereka diclofenac mwezi ndi mwezi, pamene matendawa akudya kale impso ndipo diclofenac akumalizitsa. Yezani creatinine (yoonetsa mmene impso zilili), ESR imene imatha kudutsa 100, ndi total protein, imakwera pamene albumin ili pansi. Kashiamu akakwera munthu amamva ludzu, amadzimbidwa, mutu umasokonekera. Pa X-ray ya chigaza mumaoneka timabowo tozungulira. Ya msana, TB imakonda kudya mafupa awiri oyandikana ndi kachichereche ka pakati pake, myeloma imaphwanya fupa n'kusiya kachicherecheko. Dipstick ya mkodzo isakunamizeni, puloteni ya myeloma siigwira bwino.

Nachisale: Ndikulemba kalata yotumizira tsopano. Ku boma akamuthira magazi, ndikuopa kuti akamubwezanso kunyumba monga kale. Ndilembe bwanji?

Dotolo wa Ana: Lembani mawu oti mukukayikira leukaemia pamwamba penipeni, ndi zilembo zazikulu, osati "anaemia" yokha. Pansi pake masiku amene anathiridwa magazi, masiku a LA, zimene mwapeza pogwira, mankhwala amene mwapereka ndi ola lake, zotsatira za HIV, ndipo mulembe kuti steroid sanalandire. Pemphani FBC ndi film asanathire magazi. Muimbireni mnzanu amene ali pa ntchito ku boma, kalata yokha imagona m'chikwama cha gadiyani. Iwo akaona zotsatira aimbe ku wodi ya khansa ya ana, ku Queens kapena ku KCH malinga ndi chigawo chanu, asadikire tsiku la kiliniki. Ngati mwana akupuma movutikira akagona chagada, kapena nkhope ndi khosi zatupa, ayende atakhala tsonga ndipo asapatsidwe mankhwala ogonetsa, m'chifuwa mukhoza kukhala chotupa.

Anaphiri a Palliative: Nanga mayiyo mwamuuza chiyani, asisi? Pano ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Ena amati usatchule khansa, athawa. Ine ndaona kuti amathawa kwambiri amene sanauzidwe. Amanyamuka ndi chitenje chimodzi poganiza kuti ndi masiku awiri, akafika n'kumva kuti ndi miyezi, kunyumba asiya ana ena ndi munda wosapalira, ndiye usiku wina amangosowa pa bedi. Burkitt ndi masabata mpaka miyezi ingapo, koma ALL ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo, ngakhale zambiri za nthawiyo mwana amamwera mankhwala kunyumba.

Madala CO: Koma sitinatsimikize. Ukati khansa kumudzi anthu amva maliro, bambo akana ulendo, akuti akafere kwawo. Ine ndimati magazi a mwanayu sakupangika bwino, akufunika makina aakulu. Dzina akalimve kwa amene aliona pa galasi.

Anaphiri a Palliative: Sindikuti muwauze kuti ndi khansa, madala. Muwauze zimene mukuopa, kuti mwa matenda amene angachite zimenezi ina ndi khansa ya m'magazi, kuti mankhwala ake alipo ndipo ku chipatala cha boma salipiritsa, ndiponso kuti ulendowu ndi wautali. Ndipo muitane bambo kapena amalume, chifukwa mayi yekha sangagamule za ndalama ya thiransipoti.

Nachisale: Ndawauza pakati ndi pakati. Mayi andifunsa okha ngati ndi khansa, ndayankha kuti n'zotheka koma sitinadziwe. Amalume ake a mwana afika pa kabaza, avomera, agogo atsala ndi ana enawo.

Mlangizi wa Zaumoyo: Asisi, munditumizire dzina la mudzi ku inbox, osati pagulu pano. Ndiuza mnzanga wa dera limenelo kuti aziwayendera akadzabwerera, asamaphonye masiku a mankhwala.

Intern Watsopano: A dokotala a akulu, za myeloma zija, ngati labu yathu siyeza kashiamu ndi total protein, nditumize ndi Hb, creatinine ndi X-ray zokha?

Dotolo wa Akulu: Tumizani. Musiyitseni diclofenac, azimwa madzi ambiri, ululu mupatseni morphine wakumwa ngati panado walephera. Mufunseninso ngati miyendo ikuchita dzanzi kapena mkodzo ukuvuta kutuluka. Akati inde, abwere atagona pa machira tsiku lomwelo, asakwere minibasi.